Firiji, nyani ndi bomba: zinthu 16 zodabwitsa za filimu ya Back to the Future

Filimu ya Back to the Future inatuluka ku America pa 3 Julayi 1985, ndipo mpaka lero anthu amaibwereza osatopa nayo. Nkhani yake ndi ya Marty McFly, mnyamata wa zaka 17 wa m'tauni yongopeka ya Hill Valley ku California, amene akuthawa zigawenga pa galimoto yomwe mnzake wachikulire, Doc Brown, waisandutsa makina oyendera m'nthawi. Akutulukira mu 1955, akusokoneza tsiku limene makolo ake anayenera kukumana, ndipo watsala ndi sabata imodzi yoti awalumikize. Akalephera, iyeyo sadzabadwa.

Oikonda amati filimuyi ilibe chotaya: kanthu kalikonse kamene kaoneka koyambirira kamadzagwira ntchito kutsogolo, ngati kuti alembi ake anaiona yonse m'maganizo tsiku limodzi. Mbiri yake ikunena zina. Zambiri zimene oonera amazikonda munalibe m'mapulani oyamba. Zinalowa chifukwa ndalama zinapelewera, wina anakana, kapena bwana analamula.

1. Zonse zinayambira pa chithunzi cha bambo

Mu 1980 Bob Gale, mmodzi mwa alembi awiri a filimuyi, anapita kukacheza kwa makolo ake ku St. Louis. Akusanthula katundu wakale anapeza buku la zithunzi la kusekondale kumene bambo ake anaphunzira, ndipo m'menemo anaonamo chinthu chimene sanamvepo pakhomo: bambo akewo anali pulezidenti wa kalasi yawo. Gale anakumbukira pulezidenti wa kalasi yake iyeyo, munthu amene sankamwerana naye madzi, ndipo funso linamubwerera: ndikanaphunzira limodzi ndi bambo anga, kodi tikanakhala mabwenzi? Atabwerera ku California anauza mlembi mnzake Robert Zemeckis, amene anawonjezerapo za mayi wolumbira kuti pa utsikana wake sanayang'anepo mnyamata, pamene zoona zake zili kwina.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya filimuyi. Makina oyendera m'nthawi alimo m'mafilimu ambirimbiri amene anaiwalika kalekale. Koma mwana aliyense anamvapo kholo likuti "ife m'nthawi yathu sitinkatero ayi", ndipo ndani sanalakelakepo atapita kukadzionera yekha? Marty akupitadi. Akupeza bambo ake ali m'mwamba mwa mtengo akusuzumira pawindo la mtsikana, ndipo patapita masiku angapo akuona mayi ake, aja olalikira za khalidwe aja, akupapira mowa ndi kuyatsa fodya m'galimoto.

2. Inakanidwa maulendo oposa 40, pa zifukwa ziwiri zotsutsana

Gale ndi Zemeckis anazungulira nayo nkhaniyi m'makampani a mafilimu kwa zaka zingapo. Nthawi imeneyo mafilimu a achinyamata amene ankabweretsa ndalama anali olaula, ngati Porky's, choncho makampani ambiri ankati nkhani ya Marty ndi yofatsa kwambiri, apite nayo ku Disney. Atapita ku Disney anauzidwa kuti kampani yopangira mabanja mafilimu singajambule nkhani ya mayi wokopeka ndi mwana wake wobala yekha.

Vuto lina linali mbiri ya anyamata awiriwa. Mafilimu awo oyamba, I Wanna Hold Your Hand ya 1978 ndi Used Cars ya 1980, sanagulitse. Steven Spielberg ankaikonda nkhaniyi kuyambira pachiyambi, koma iwo ankaopa kuti akalepheranso pansi pa dzina lake, anthu adzati amadyera chinansi basi. Zemeckis anakajambula kaye Romancing the Stone, imene inachita bwino mu 1984. Makampani omwe aja anayamba kuimba foni, koma iye anabwerera kwa Spielberg, munthu yekhayo amene sanamukanepo.

Za mayi ndi mwana zija zinawazunguzadi mutu alembiwo, mpaka anapeza potulukira: Lorraine, mayi a Marty, akangomupsompsona mwana wakeyo, iye mwini akudzidzimuka n'kunena kuti zikumveka ngati wapsompsona mchimwene wake. Nkhani yathera pomwepo, popanda Marty kuulula kanthu.

3. Makinawo poyamba anali firiji

M'zolemba zoyambirira munalibe galimoto. Marty ankayenera kulowa m'firiji, firijiyo n'kunyamulidwa kupita kuchipululu cha Nevada kumene asilikali a America ankayesera mabomba a nyukiliya, kuti mphamvu ya kuphulikako imubweze kwawo. Firiji inachotsedwa poopa kuti ana akaonera azikadzitsekera m'mafiriji kunyumba, komanso makina oyenda okha ankathandiza nkhani kuposa chibokosi chofuna kunyamulidwa. Bomba nalo linachotsedwa chifukwa kujambula kwake kukanadya ndalama zambiri, ndipo kampani ya Universal, imene inkapanga filimuyi, inkafuna kuti bajeti itsike.

Atawalanda bomba, alembiwo anayang'ana chimene anali nacho kale: bwalo la tauni lomangidwa m'kati mwa malo a Universal, lokhala ndi nyumba ya khoti. Anaikapo wotchi pamwamba, n'kuganiza za mphenzi. Mphindi zimene anthu amazikumbukira kwambiri m'filimu yonseyi, Doc akulendewera pawotchi, chingwe chazuka, galimoto yakana kulira, mphenzi ikubwera 10:04 usiku pa 12 Novembala 1955, zinabadwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Ndipo n'zabwino kuposa bomba, chifukwa wotchiyo woonera waiona kuyambira koyambirira, pamene mayi wina akugwedeza chitini cha zopereka n'kumupatsira Marty kapepala kofotokoza tsiku ndi ola limene mphenzi inaiwomba.

4. Galimoto yotchukayi inali italephera kale pamsika

Pamene filimu inkajambulidwa, kampani ya DeLorean, imene inapanga galimoto ya Doc, inali itagwa. John DeLorean anali mmodzi wa mabwana akuluakulu ku General Motors asanachoke kukayambitsa yake. Fakitale anakaimanga ku Dunmurry, pafupi ndi Belfast ku Northern Ireland, chifukwa boma la Britain linathirapo mapaundi mamiliyoni ambirimbiri pofuna kupezera ntchito anthu a dera limene linali pa chipwirikiti. Magalimoto anayamba kutuluka mu 1981, ndipo pofika kumapeto kwa 1982 zonse zinali zitatha, atapanga pafupifupi 9,000 okha. Maonekedwe ake, amene anajambula Giorgetto Giugiaro wa ku Italy, anali ochititsa kaso: thupi lachitsulo chosachita dzimbiri, losapakidwa penti, ndi zitseko zotsegukira m'mwamba. Koma injini inali yofooka poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo ogula ankadandaula.

Mu Okutobala 1982 DeLorean anamangidwa ku Los Angeles pa mlandu wa kokeni. Khoti linamumasula mu Ogasiti 1984 litaona kuti apolisi ndiwo anamutchera msampha, koma dzina linali litaipa kale. Oonera a mu 1985 ankazidziwa zonsezi, n'chifukwa chake ankaseka pamene Marty akudabwa kuti pa magalimoto onse, Doc wasankha DeLorean. Alembi anaisankha chifukwa cha zitseko zija: ankafuna kuti banja la mlimi wa mu 1955 likaiona m'khola lawo usiku, likhulupirire kuti kwatera chombo cha zolengedwa zakuthambo. Ford inafuna kulipira kuti agwiritse ntchito Mustang, Gale anakana. Filimu itatuluka, John DeLorean analembera alembiwo kalata yothokoza.

5. DeLorean yeniyeni sinkatha kuonetsa liwiro la 88

Kuti makina agwire ntchito, galimoto iyenera kufika mamailosi 88 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 142. Koma lamulo la ku America la mu 1979 linkati geji ya liwiro isapitirire 85. Ojambula anachita kusintha nkhope ya gejiyo kuti ifike 95.

6. Kwa milungu pafupifupi sikisi, Marty anali munthu wina

Kujambula kunayamba kumapeto kwa Novembala 1984, ndipo Marty anali Eric Stoltz. Zemeckis ankafuna Michael J. Fox, koma mkulu wa sewero la pa TV la Family Ties, Gary David Goldberg, anakana kumumasula chifukwa Meredith Baxter, amene ankasewera ngati mayi m'seweroli, anali patchuthi cha uchembere ndipo sewero linkadalira Fox. Stoltz anali katswiri, palibe amatsutsa. Ankalowa m'khungu la munthu amene akumusewera mpaka ankafuna kuti aliyense azimuitana Marty ngakhale kamera itazima. Koma Zemeckis ataonera zimene anajambula, anaona kuti palibe choseketsa. Mu Januwale 1985 Stoltz anauzidwa kuti ntchito yatha, ndipo kubwereza zonse kunawonjezera madola oposa 3 miliyoni.

Chochititsa chidwi n'chimene Stoltz ankaona m'nkhaniyi. Lea Thompson, amene anasewera Lorraine, amakumbukira kuti Stoltz ankati mathero a filimuyi ndi omvetsa chisoni: Marty akubwerera kubanja limene silikumbukira moyo umene iye anakuliramo, ndipo iyenso sakudziwa moyo umene iwo akukumbukira. Ukaganiza mofatsa, mnyamatayo sankanama. Marty wadzuka m'nyumba ya anthu ofanana nkhope ndi makolo ake, koma zaka 17 zimene anakhala nawo zikudziwika ndi iye yekha. Kungoti filimuyi imayenda bwino pokhapokha woonera asapatsidwe mpata woganiza zimenezo, ndipo nkhope ya Fox, yodabwa ndi yothamanga nthawi zonse, simupatsa mpatawo.

Kusinthaku kunagwetsanso wina wosalakwa. Melora Hardin anali atatengedwa kale kukhala Jennifer, chibwenzi cha Marty, koma anachotsedwa asanajambule kanthu chifukwa anali wamtali kuposa Fox.

7. Fox anaijambula ali ndi tulo

Atafunsidwa kachiwiri, Goldberg anavomera, koma anaika lamulo lakuti Family Ties ndiyo izikhala patsogolo. Ndiye kwa miyezi pafupifupi itatu Fox ankagwira ya pa TV masana, madzulo dalaivala n'kumutenga kupita kokajambula filimu mpaka m'bandakucha, n'kugona maola atatu kapena anayi. Zofunika dzuwa ankajambula Loweruka ndi Lamlungu. M'malo ena anzake ankalankhula ndi munthu wongoimirira m'malo mwake, nkhope ya Fox n'kudzajambulidwa usiku. Iye mwini anadzanena kuti ankaganiza kuti wasewera moipa kwambiri moti ntchito yake ithera pomwepo. Pamene filimu inkatuluka n'kuti ali ku London, akujambula za Family Ties zomwezo.

Filimu imene inadya madola pafupifupi 19 miliyoni inabweretsa oposa 380 miliyoni, n'kuposa ina iliyonse ya chaka chimenecho.

8. "Bambo" anali wamng'ono kwa mwana wawo

Crispin Glover, amene anasewera George McFly, bambo a Marty, anabadwa mu Epulo 1964. Fox anabadwa mu Juni 1961. Lea Thompson, "mayi" ake, amamuposa ndi masiku 9 okha. Christopher Lloyd, wosewera Doc, amene ambiri amamuyesa nkhalamba, anali ndi zaka 46.

9. Bwana anafuna dzina lina, ndipo anagonja ndi nthabwala

Sid Sheinberg, mkulu wa Universal, ankakhulupirira kuti dzina la filimuyi silingagulitse. Analemba kalata yolamula kuti itchedwe Spaceman from Pluto, potengera kabuku ka zithunzi kamene mwana wa mlimi uja wanyamula. Zemeckis ndi Gale anagwira njakata, chifukwa bwana wamkulu samutsutsa pamaso. Spielberg ndiye anayankha, ndipo kalata yake inali yothokoza: zikomo bwana chifukwa cha nthabwala yanu, tonse kuno taseka kwambiri, muzitumizabe zina. Sheinberg sanafune kuvomera kuti ankanenetsa, ndipo nkhani inafera pomwepo.

Anthu amakonda kumuseka Sheinberg chifukwa cha kalatayi, koma n'kulakwa kuiwala kuti malangizo ake ena anali olondola. Ndiye anati Professor Brown akhale Doc Brown. Ndiye anati chiweto cha Doc, chimene poyamba chinali nyani wa mtundu wa chimpanzi wotchedwa Shemp, chikhale galu, ndipo tinapeza Einstein. Ndiyenso anasintha dzina la mayi a Marty kuchoka pa Meg kukhala Lorraine, lomwe ndi dzina la mkazi wake, Lorraine Gary wa mu filimu ya Jaws. Nalo dzina la Biff Tannen, chimunthu chovutitsa anzake chija, linachokera kwa bwana wina wa Universal, Ned Tanen, amene alembiwa sanaiwale mmene anawakalipira pa msonkhano wa filimu yawo yoyamba.

10. Mtengo umodzi wa paini

Ichi ndi chimene chimapangitsa anthu kuonera kachiwiri. Usiku umene Marty akukumana ndi Doc pamalo oimika magalimoto, chikwangwani cha sitolo zazikuluzo chalembedwa Twin Pines Mall, ndipo pali chithunzi cha mitengo iwiri ya paini. Doc akutchula mongodutsa kuti kale malo onsewa anali munda wa mkulu wina, Peabody, amene ankadzala paini. Marty atafika mu 1955, pothawa mfuti ya Peabody, akugunda kamtengo kamodzi mwa tiwiri timene tili pachipata. Kumapeto akubwerera pamalo omwe aja akuthamanga wapansi, ndipo chikwangwani chikuoneka kwa kamphindi: Lone Pine Mall, mtengo umodzi. Palibe akuchitchula. Kamera siima n'komwe.

Zoterezi zilimo zambiri. Khonde la pansi pa wotchi ya khoti ndi lathunthu koyambirira kwa filimu, koma kumapeto ndi lobenthuka pamene phazi la Doc linaterereka mu 1955. Pa mawotchi ambirimbiri amene akutsegulira filimu, pali imodzi yokhala ndi kamunthu kolendewera pa muvi wake, kukumbutsa Harold Lloyd mu filimu ya 1923 ya Safety Last! komanso kulosera zimene zimuchitikire Doc. Ndipo mlimi Peabody ndi mwana wake Sherman anatengera maina a katuni yakale ya galu wanzeru ndi kamnyamata oyenda m'nthawi.

11. Kodi magigawati 1.21 ndi magetsi ochuluka bwanji?

Iyi ndi mphamvu imene makina a Doc amafuna kuti agwire ntchito, ndipo ndi mamegawati 1,210. Damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi ku Tete, makina ake onse akamalira, limatulutsa mamegawati 2,075. Ndiye kuti Doc ankafuna zoposa theka la Cahora Bassa kuti zilowe m'galimoto imodzi. M'pake kuti Doc wa mu 1955 atamva nambalayi akuthamanga m'nyumba ngati wapenga. Mphenzi yeniyeni imaposa pamenepo, koma kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake nkhani yonse yagona pa kudziwa mphindi yake yeniyeni.

12. Pulezidenti anaseka nthabwala yonena za iye mwini

Doc wa mu 1955, pofuna kumuyesa Marty, akumufunsa kuti pulezidenti wa America mu 1985 ndi ndani. Atamva kuti ndi Ronald Reagan akuseka chikhakhali, chifukwa Reagan amene iye akumudziwa ndi wosewera mafilimu wamba, ndipo akufunsa ngati wachiwiri wake ndi wanthabwala Jerry Lewis. Patsogolo pa nyumba ya kanema ya m'tauniyo palembedwadi Cattle Queen of Montana, filimu ya 1954 ya Barbara Stanwyck ndi Reagan. Ena ankaopa kuti ku White House akwiya. Koma Reagan ataionera anaseka mpaka anapempha kuti abweze pamalopo aonenso, ndipo pa 4 Febuluwale 1986, polankhula ku nyumba ya malamulo za mmene dziko likuyendera, anabwereza mawu omaliza a Doc onena kuti kumene akupita sikufunika misewu. Kulankhulako kunali kutachedwetsedwa ndi sabata imodzi chifukwa cha ngozi ya chombo cha Challenger.

13. Gitala ija kunalibe mu 1955, ndipo nthabwala yake si onse amaiseka

Pa dansi ya kusukulu Marty akuimba "Johnny B. Goode", nyimbo imene Chuck Berry anatulutsa mu 1958. Mawu amene timamva si a Fox, ndi a woimba wina, Mark Campbell, ndipo gitala inalizidwa ndi Tim May. Fox anaphunzira kuika zala pamalo oyenera kuti zigwirizane. Gitala yofiirayo, Gibson ES-345, inayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndiye kuti oimba a mu 1955 sakanakhala nayo. Inabwerekedwa kusitolo ina ya ku Los Angeles, kenako inasowa, moti mu 2025 kampani ya Gibson inalengeza kuti ikuifunafuna.

Nthabwala yapamalopa ndi yakuti mtsogoleri wa bandi, Marvin Berry, akuimbira foni msuweni wake Chuck kuti amve kaimbidwe katsopano. N'zoseketsa, koma zili ndi chowawa chake: nyimbo imene anthu akuda a ku America anaipanga ndi thukuta lawo ikuoneka ngati anachita kupatsidwa ndi kamnyamata kachizungu. Zikufanana ndi za Goldie Wilson, mnyamata wakuda wosesa mu lesitilanti, amene akumva kwa Marty kuti adzakhala meya. Oikira kumbuyo filimuyi amati Goldie anali kale meya Marty asanapite kumbuyo, ndipo Marty anaphunzira nyimboyo kwa Chuck Berry yemweyo, choncho palibe chimene wapereka. Mfundoyo ndi yomveka. Komabe 1955 ndi chaka chimene Emmett Till, mwana wa zaka 14, anaphedwa ku Mississippi, ndipo Rosa Parks anakana kunyamuka pampando wa basi pa 1 Disembala, pasanathe milungu itatu chichokereni Marty. Hill Valley ya m'filimu, yowala ndi yaukhondo, ikungokhudza zimenezi ndi chiganizo chimodzi cha mwini lesitilanti wonyoza maloto a Goldie. Munthu ukhoza kuikonda filimuyi uku ukuona kuti 1955 yake ndi yochapidwa.

Pa za nyimbo pomwepa: mphunzitsi wa magalasi amene akuimitsa bandi ya Marty koyambirira, n'kunena kuti ikusokosa, ndi Huey Lewis, mwini wake wa nyimbo imene anyamatawo akuimba, "The Power of Love".

14. "Bambo" anakasuma, malamulo n'kusintha

Crispin Glover sanabwerere mu gawo lachiwiri la 1989. Opanga filimu amati ankafuna ndalama zambiri. Iye amati ankapatsidwa zochepa kuposa anzake, komanso kuti anadana naye chifukwa anatsutsa mathero a gawo loyamba, amene kwa iye ankaphunzitsa kuti chimwemwe cha banja ndi ndalama, galimoto yatsopano ndi mdani wako akukupukutira galimotoyo. Pamenepa Glover anali ndi mfundo, ndipo aliyense woonera filimuyi atakula amaiona.

Chimene opanga anachita ndicho chinabala mlandu. Anatenga wosewera wina, Jeffrey Weissman, n'kumumata mphuno, chibwano ndi masaya opangidwa kuchokera pa chikombole cha nkhope ya Glover chimene chinatsala pa gawo loyamba. Ankamujambula chakumbuyo, kapena atavala magalasi akuda, kapena atazondoka mutu pansi, n'kusakaniza ndi zithunzi zakale za Glover weniweni. Oonera ambiri sanazindikire. Glover anakasuma, nkhani inathera kunja kwa khoti atamulipira, ndipo bungwe la osewera mafilimu ku America linakhwimitsa malamulo oletsa kugwiritsa ntchito nkhope ya munthu popanda chilolezo chake. Pamene osewera a ku Hollywood ananyanyala ntchito mu 2023, imodzi mwa nkhani zikuluzikulu inali yomweyi, kungoti tsopano nkhope imakopedwa ndi kompyuta m'malo mwa chikombole.

15. Gawo lachiwiri panalibe amene ankaliganizira

Galimoto youluka ya kumapeto inali nthabwala yotsekera basi. Mawu olonjeza kuti nkhani ipitirira, amene ambiri amalumbira kuti anawaona, m'nyumba za kanema munalibe; anawonjezedwa pa tepi ya vidiyo mu 1986. Zemeckis ananena kuti akanadziwa, sakanamukweza Jennifer m'galimotomo, n'chifukwa chake gawo lachiwiri likungoyamba n'kumugoneka tulo. Claudia Wells, amene anasewera Jennifer, anasiya kuti akasamale mayi ake amene ankadwala khansa, ndipo mathero onse a gawo loyamba anajambulidwanso ndi Elisabeth Shue, mofanana mpaka kaimidwe.

Tsiku limene akupitako, 21 Okutobala 2015, litafikadi, dziko linakhala pansi kuwerengera zimene filimu inalosera. Ma TV opyapyala opachika pakhoma, kuyankhulana pa vidiyo, kulipira ndi chala, zonsezi zinachitika. Timu ya baseball ya Chicago Cubs, imene inali isanatengepo chikho chachikulu chichokereni 1908, filimu inati idzapambana mu 2015, ndipo inapambana mu 2016. Nike inapangadi nsapato zodzimanga zokha zingwe, mapeyala 89 mu 2016, ndalama zake n'kupita ku bungwe limene Fox anakhazikitsa mu 2000 lofufuza za matenda a Parkinson, amene anamupeza nawo mu 1991. Koma foni yam'manja imene yasintha moyo wa aliyense, alembi sanaione. M'malo mwake anadzaza nyumba ya Marty ndi makina a fakisi.

Za thabwa louluka limene Marty akukwera m'gawo lachiwiri, Zemeckis ananena pa TV, nkhope ili gwa, kuti matabwawo alipodi koma magulu a makolo akuletsa kuti agulitsidwe. Ankacheza, koma makolo ndi ana anavutitsa kampani ya zidole ya Mattel ndi mafoni.

Gawo lachinayi, kapena kuijambulanso ndi osewera atsopano, musayembekezere. Mapangano a Zemeckis ndi Gale amawapatsa mphamvu yokana, ndipo anena kambirimbiri kuti ali moyo sizichitika. Chimene analola ndi sewero la pasiteji la nyimbo, limene linayamba ku Manchester mu 2020 lisanapite ku London ndi ku New York.

16. Biff anatopa ndi mafunso, anasindikiza khadi

Tom Wilson, amene anasewera Biff, ali mwana ndiye ankavutitsidwa kusukulu, ndipo anzake onse a m'filimuyi amati ndi munthu wofatsa. Kwa zaka zambiri, kulikonse kumene wapita, pabwalo la ndege, mu lesitilanti, anthu ankamuimitsa ndi mafunso omweomwewo. Mapeto ake anasindikiza kakhadi kamene amangopereka kwa womufunsa. Kakhadiko kamayankha kuti inde, Michael J. Fox ndi munthu wabwino, Christopher Lloyd nayenso ndi wabwino koma wamanyazi, matabwa aja sankauluka, osewera ankalendewera pa mawaya, ndipo ndowe zimene zimamukhuthukira Biff sizinali zenizeni: anasakaniza dothi, zinyalala za zomera, tizidutswa ta khungwa ndi mankhwala a m'zakudya kuti zizimata.